Daniel Kachamba: Gitala ya ku Singano ndi mbewu imene idasiya

Anthu amene adakula akumvera James Taylor, Carole King, Jim Croce kapena Cat Stevens ali ndi funso limene salema kufunsa: kodi mwa oyimba a lero, ndani akuyimba ngati amenewa? Chimene amafuna n'chodziwika. Amafuna munthu mmodzi, gitala kapena piyano imodzi, mawu opekedwa ndi mwini wake, ndi nyimbo yosafuna phokoso kuti igwire mtima. Funso lomweli limamveka kuno kwathu wailesi ikangoponya nyimbo yamakedzana, ndipo kawirikawiri dzina limene limayamba kutchulidwa ndi la malemu Dr. Daniel Kachamba. M'zaka zomwezo zimene Carole King ankagulitsa chimbale chake cha Tapestry, chimene chidatuluka mu 1971, mnyamata wa ku Chileka uyu ankachita ntchito yofananayo ndi zipangizo zochepa kwambiri, m'dziko limene lidali ndi wailesi imodzi yokha.

Daniel James Kachamba adabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947, koma kwawo kudali m'mudzi wa Singano, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka m'boma la Blantyre. Bambo ake, a James Kachamba, nawonso ankadziwa gitala. Iwo adali a m'badwo umene udaona chida chimenechi chikufalikira m'Nyasaland nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene asilikali obwera kunkhondo komanso amuna ochokera kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia ankafika m'midzi atanyamula magitala, mabanjo, magalamafoni ndi mbale zake. Nthawi imeneyo gitala idali katundu wa munthu woyenda, ndipo woigwira ankaonedwa ngati wodziwa za kutali.

Mu 1957, Daniel ali ndi zaka pafupifupi 10, banjali lidasamukira ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Zidali zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mabanja ambiri a kuno ankatsata ntchito kumeneko. Banja la a Kachamba lidakhalako mpaka cha mu 1961. Zaka zinayi zimenezi n'zochepa pa moyo wa munthu, koma ndizo zidaumba khutu la Daniel. Chamba cha kwela, chimene chidabadwira m'misewu ya Johannesburg pakati pa anyamata oliza zitoliro zachitsulo, chidali pachimake. Mbale za Spokes Mashiyane ndi Lemmy Special Mabaso zinkamveka m'makomboni monse, ndipo mu 1958 nyimbo ya Tom Hark, ya gulu la Elias and His Zig-Zag Jive Flutes, idafika pa nambala yachiwiri pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Mwana wa mmisiri wa gitala, wokhala pakati pa zonsezi, sakadalephera kutolapo kanthu.

Pobwerera kumudzi, Daniel adabwera ndi kwela m'mutu ndi m'zala. Chodabwitsa n'chakuti pamene ku South Africa chambachi chinkazilala m'zaka za m'ma 1960, chitoliro chitalowedwa m'malo ndi sakisofoni ndi magitala amagetsi, ku Chileka chidapeza nthaka yatsopano. Daniel adasonkhanitsa anyamata a m'mudzi, kuphatikizapo mng'ono wake Donald amene adali katswiri wa chitoliro akadali wamng'ono ndithu, ndipo gululo lidadziwika kuti Kachamba Brothers Band. Zida zawo zidali gitala, zitoliro, chisekese ndi besi ya chingwe chimodzi yopangidwa ndi bokosi ndi ndodo, kholo la babatoni amene tikumuona lero. Ankayimba m'misewu ya Blantyre, m'misika ndi m'malo omwera mowa, anthu n'kumaponya makobidi.

Ndi m'misewu momwemo mmene, m'chaka cha 1967, adakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna m'dziko la Austria, amene ankayenda ndi mnzake Maurice Djenda wa ku Central African Republic. Kubik adajambula mawu awo, adawajambulanso pa filimu, kenako adalemba buku lotchedwa The Kachamba Brothers' Band, limene m'Chingerezi lidatuluka mu 1974 kudzera ku sukulu yaukachenjede ya Zambia. Tisanamizane, akadapanda mlendo ameneyu kuima pamsewu tsiku limenelo, zambiri zimene tikudziwa za Daniel zikadapita ndi mphepo, monga zidapitira za oyimba ena ambiri a msinkhu wake amene lero tangotsala ndi maina awo. Koma n'kulakwanso kunena kuti Kubik ndiye adapanga Daniel. Adamupeza ali mmisiri kale, ali ndi gulu lake, nyimbo zake ndi anthu omukonda.

Pa umisiri umenewu ndi pamene tiyenera kukhalitsa, chifukwa ndi pamene pali yankho la funso la amene akufuna oyimba ofanana naye.

M'gulu la kwela, gitala ya Daniel inkakhala ya nsambo zisanu, imodzi itachotsedwa dala. Sikudali kusowa ndalama yogulira nsambo yachisanu ndi chimodzi ayi. Kudali kukonza chidacho kuti chigwirizane ndi dzanja komanso ndi ntchito imene ankafuna kuti chigwire. Nyimbo za kwela zimayenda pa makiyi atatu okha, ozungulira m'magawo anayi, kubwerera poyambira, n'kuzunguliranso mpaka nyimbo itatha. Kwa munthu wongomva mothamanga zimaoneka ngati zosavuta. Koma chifukwa chakuti maziko sasintha, luso lonse limapita pa zimene woyimba akuchita pamwamba pa mazikowo: pamene mawu akulowera, pamene chitoliro chikuyankhira, ndi pamene dzanja likuchedwa kapena kufulumira pang'ono kuti wovina amve kukoma m'chiuno. Donald ankaliza chitoliro atachipendeketsa, atachilowetsa m'kamwa cha m'mbali monga ankachitira anyamata a ku Johannesburg, ndipo kalizidwe kameneka kankatulutsa mawu onenepa, otha kupindika ngati mawu a munthu.

Daniel akakhala yekha ndiye ankasanduka munthu wina. Ankatola nsambo ndi zala ziwiri zokha, chachikulu ndi chamkombaphala. Chachikulu chinkayendetsa mawu apansi ngati ng'oma, chamkombaphala n'kumaluka kanyimbo kena pamwamba, ndipo mawu ake a pakamwa ankakhala ulusi wachitatu. Womvera pa wailesi ankatha kulumbira kuti pali magitala awiri. Kalizidwe ka zala ziwiri kameneka kali ndi ubale ndi ka oyimba a ku Katanga m'dziko la Congo, makamaka Mwenda Jean Bosco, amene mbale zake zidafalikira m'chigawo chino cha Africa m'zaka za m'ma 1950. Daniel adamva zonsezi, adamvanso rumba ndi twist zochokera ku East Africa ndi simanjemanje wa ku South Africa, koma sadakhale wongokopera. Adazigaya n'kuzipatsa kayendedwe kogwirizana ndi Chichewa cha ku Blantyre, ndipo mitundu ya nyimbo zake ankaitchula ndi maina monga sinjonjo, double step ndi lumba. Dzina la nyimbo yake ya Dolosina Lumba likusonyeza lokha mmene rumba idalowera m'kamwa mwa Mmalawi n'kutulukamo ili yathu.

Mawu a nyimbo zake adali a tsiku ndi tsiku: chikondi chosokonekera, mabodza a anthu, umphawi, ulendo, imfa. Sankakometsera ndi Chichewa chozama cha m'mabuku. Ankayimba monga amalankhulira munthu pa bwalo la bawo, nthabwala ndi chisoni zili mumphika umodzi, ndipo nthawi zina ankaponyamo mawu a zilankhulo zina zimene adatola m'maulendo. Ankadzitchulanso dzina m'nyimbo zake, kudziika yekha pakati pa nkhani. Apa ndi pamene amafanana kwambiri ndi oyimba a ku America aja a m'ma 1970, amene chuma chawo chachikulu chidali kusandutsa moyo wawo kukhala nyimbo. Chitsanzo chimene sichiiwalika ndi Maliro a Kachamba, nyimbo imene adapeka akulingalira za maliro ake omwe, iye ali moyo.

M'chaka cha 1972 adakwera ndege kupita ku Ulaya, kumene adakayimba pamaso pa akatswiri a nyimbo za jazz. Akatswiriwo adachita chidwi poona kuti anyamata a m'mudzi wa ku Malawi akuyimba zinthu zokhala ndi ubale woonekeratu ndi jazz ya ku America, koma zoyenda m'njira yawoyawo. Kuno kumudzi dzina la Dokotala lidamumatirira, moti mpaka lero ndi ochepa amene amamutchula popanda kuyamba ndi Dr. Patapita nthawi abale awiriwa adayenda njira zosiyana. Donald adakhazikitsa gulu lake la kwela, mmene Kubik mwini ankalizamo kilaneti, Moya Aliya Malamusi nayenso ali momwemo, ndipo adayenda maiko ambiri a mu Africa, Ulaya ndi South America. Daniel adakhala woyimba wa anthu a kuno, wa pa wailesi ya MBC ndi wa m'maholo ndi m'masukulu. Akuluakulu amene adamuonera amasimbabe za munthu wansangala amene ankaseweretsa gitala ngati chidole, mpaka kuiliza ataiika kumsana.

Dziko limene ankayimbamo silidali lophweka kwa wopeka nyimbo. Wailesi ya MBC, imene idayamba mu 1964, idali khomo lokhalo lofikira anthu ambiri, ndipo wailesi yakanema idadzabwera mu 1999, iye atapita kale. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, kotero woyimba aliyense ankadziwa kuti liwu limodzi lomveka molakwika likhoza kumuika m'madzi otentha. Ambiri adaphunzira kubisa nkhani zazikulu m'nkhani za m'banja ndi m'miyambi. Kunalibenso makampani amphamvu ojambula ndi kugulitsa nyimbo, moti nyimbo zambiri zinkajambulidwa ku situdiyo za MBC n'kukhala pa matepi a wailesiyo. Lamulo loteteza eni luso lidadza mu 1989, ndipo bungwe la Cosoma lidayamba ntchito mu 1992. Daniel sadaone chilichonse mwa zimenezi. Kutchuka adali nako kokwanira dziko lonse, koma njira yoti kutchukako kusanduke ndalama m'thumba idali isanalambulidwe.

Adamwalira pa 25 July 1987 ali ndi zaka pafupifupi 40. Miyezi yochepa m'mbuyomo, mu February chaka chomwecho, Paul Simon adayimba pa bwalo la Rufaro ku Harare, mzinda uja Daniel adaphunziriramo kwela, pa ulendo wa chimbale cha Graceland chimene chidatsegula makutu a dziko lonse ku nyimbo za m'makomboni a kum'mwera kwa Africa. Msika umene ukadamulandira ndi manja awiri udatseguka iye akutsanzika. M'chaka chomwecho ku Zomba kudatuluka buku la Malawian Music: A Framework for Analysis, limene Kubik adalemba mothandizana ndi Moya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba, ndipo lidasindikizidwa ndi nthambi za Yunivesite ya Malawi. Donald adapitiriza ntchito mpaka kukaphunzitsa kwela pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles mu 1999, asanamwalire mu January 2001.

Nanga lero, wofuna woyimba wonga Daniel ayang'ane kuti?

Poyambira pachidziwikire ndi ku Singano komweko, koma kumeneko mtsinje udakhotera kwina. Mudzi umene udabala a Kachamba uli m'dera lomwe lidatipatsa Robert Fumulani ndi Likhubula River Dance Band, ndipo pambuyo pake Evison Matafale ndi Black Missionaries. Chileka ya lero imadziwika ndi reggae. Ndi nyimbo zabwino, koma amene akufuna gitala yowuma yolankhula yokha sangakhutire nazo. Kwela weniweni adasungidwa ndi gulu la Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band, limene lidapitiriza kuyimba Donald atamwalira, ngakhale kuti lakhala likudziwika kwambiri ku Ulaya kusiyana ndi ku Ndirande kapena ku Kawale.

Oyandikira kwambiri mzimu wa Kachamba Brothers, m'kuona kwanga, ndi Madalitso Band. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni adayambira m'misewu ya Lilongwe, wina ali pa babatoni, wina pa gitala ya nsambo zinayi, chidendene chikugunda ng'oma. Mu 2017 adakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo chimbale chawo cha Wasalala chidatuluka mu 2019 kudzera ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Nkhani yawo ikufanana ndi ya Daniel mochititsa mantha pang'ono: msewu, zida zopanga okha, kenako alendo akunja kukhala oyamba kuwalemekeza mokwanira. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, amene babatoni wake amamuliza ndi botolo ndi kamtengo, naye adadziwika kunja kudzera pa kanema wa pa intaneti ambiri a ife tisanamve dzina lake.

Amene chimawakoka mwa Daniel ndi kufatsa ndi kupeka mawu, osati liwiro la kwela, apeza zambiri mwa Lawi, amene nyimbo yake ya Amaona Kuchedwa idaonetsa kuti anthu a m'tauni akadali ndi khutu la gitala yosathamanga. Faith Mussa watengera mbali ina ya Daniel, ija ya munthu mmodzi womveka ngati gulu, pogwiritsa ntchito makina obwereza mawu pamodzi ndi zida zakwathu. Pali Agorosso ndi kalizidwe kake ka ku Chigwa cha Shire, pali Peter Mawanga amene wakhala akuluka gitala ndi marimba ndi sansi, palinso Kasambwe Brothers a ku Ndirande. Palibe mmodzi mwa amenewa amene ali Daniel wachiwiri, ndipo sayenera kutero. Wina ali ndi dzanja lake, wina nthabwala zake, wina kulimba mtima kwake koima yekha pa bwalo. Patience Namadingo atajambula nyimbo ndi gogo Giddes Chalamanda mu 2020, achinyamata amene sadaonepo mbale ya galamafoni adathamangira Linny Hoo mpaka kuifalitsa pa TikTok m'maiko akutali. Njala ya nyimbo zotere ilipo. Chimene chimasowa ndi woipatsa chakudya.

Vuto ndi lakuti njira zimene anthu a m'tauni amafufuzira nyimbo masiku ano sizifika kumene oyimba otere amachuluka. Makina a YouTube kapena Spotify amakuuza woyimba wofanana ndi amene ukumumvera poona zimene anthu ena ambiri amvera, choncho amadziwa okhawo amene nyimbo zawo zidaikidwa kale pa intaneti. Ukalemba dzina la James Taylor, maina atsopano amabwera ambirimbiri. Mnyamata woliza banjo ya chigubu pa msika wa kumudzi makinawo samudziwa.

Boma la Zomba likutiphunzitsa bwino za zimenezi. Ndi kumeneko kudachokera a Paseli Brothers, amene nyimbo yawo ya Napolo idasunga chikumbutso cha madzi osefukira amene adatsika m'phiri la Zomba mu December 1946, ndipo ikuyimbidwabe mpaka lero. Madzi a m'phirimo amatsika ndi Mulunguzi, kulowa mu Likangala, n'kukathera m'nyanja ya Chilwa. Kumadzulo kwa nyanjayo, m'dera la Mfumu Mwambo, kuli msika wa Jali ndi doko la Kachulu, pokwerera mabwato opita ku chilumba cha Chisi. M'malo ngati amenewa, matemba ndi milamba zikagwidwa bwino ndalama zimayenda, ndipo pamene pali ndalama ndi khamu, woyimba wa gitala yopanga yekha sasowa. Nyimbo zimayenda pa makadi a m'mafoni, kuchoka m'kanyumba kodzazira nyimbo kupita m'thumba la msodzi, popanda woziwerenga kapena kuzilemba. Nyanjayi ikauma, monga idachitira mu 1968, mu 1995 komanso pafupifupi yonse mu 2018, asodzi amabalalika kukasaka moyo kwina, ndipo oyimba amene amadalira makobidi awo amabalalika nawo, nyimbo zawo zisanajambulidwe ndi aliyense.

Umboni wakuti luso lilipo m'malo osayembekezeka udachokeranso ku Zomba komweko. Mu 2013 Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America amene adatulutsanso Malawi Mouse Boys, adalowa m'ndende yaikulu ya Zomba ndi makina ake. Chimbale chimene chidatuluka, I Have No Everything Here, chodzaza ndi nyimbo zofatsa za gitala ndi mawu okha, chidapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016, koyamba m'mbiri ya dziko lino. Kachiwirinso, patatha zaka pafupifupi 50 chikumanirane Kubik ndi a Kachamba, adali mlendo amene adaima n'kutchera khutu. Sitinganyoze alendowa, pakuti agwira ntchito yotamandika. Koma zimachititsa manyazi kuti mawailesi ochuluka amene tili nawo lero, ndi masitudiyo odzaza m'matauni, sakutumiza anthu ku Kachulu, ku Mchenga kapena ku Mposa ndi makina ojambulira, pamene mtunda wochoka mumzinda wa Zomba kukafika kunyanja ndi wongoyenda ola limodzi kapena awiri.

Za Daniel mwini, zambiri zimene Kubik adajambula zikusungidwa ku Phonogrammarchiv mumzinda wa Vienna, ndipo zina zili pa matepi akale a MBC. Ku Singano, Moya Malamusi adakhazikitsa ntchito yofufuza ndi kusunga nyimbo ndi nthano za pakamwa, pamodzi ndi nyumba yosungiramo zida zamakedzana ya Jacaranda. Wophunzira gitala amene akufuna kuona ndi maso mmene zala ziwiri zija zinkagwirira ntchito ya anthu awiri afufuze filimu ya African Guitar, imene kampani ya Vestapol idatulutsa mu 1995 kuchokera pa zimene Kubik adajambula m'maiko angapo pakati pa 1966 ndi 1993. M'menemo Daniel Kachamba ali pamodzi ndi Mwenda Jean Bosco, mmisiri wa ku Katanga uja.